Kodi ndiike kulemera kotani pa migwirizano kuti pulogalamu izisankha njira yoyenera pakati pa matebulo?

wamalipoti

Ndikupempha nzeru kwa anzanga amene mumagwira ntchito ndi mapulogalamu opangira malipoti a bizinesi, makamaka aja amene amalumikiza okha matebulo munthu akangosankha zimene akufuna kuona. Pa kampani imene ndimagwirako ntchito, matebulo amene akukhudzidwa ndi nkhaniyi ndi asanu: Maoda, Makasitomala, Maadiresi, Zigawo ndi Nthambi. Oda iliyonse imaloza kasitomala amene anagula, kasitomala amaloza adiresi yake, ndipo adiresi imaloza chigawo. Kuyambira kale lipoti la malonda a chigawo ndi chigawo linkadutsa njira imeneyi, choncho aliyense akamva "chigawo" ankadziwa kuti tikunena kumene wogula amakhala.

Posachedwapa panafunika lipoti losonyeza nthambi zimene zili m'chigawo chilichonse, ndiye tinawonjezera mgwirizano pakati pa Nthambi ndi Zigawo. Tebulo la Maoda linali lolumikizidwa kale ndi la Nthambi, popeza oda imalembedwa pa nthambi imene yagulitsa katunduyo. Kungochokera pamenepo manambala a lipoti la malonda anasintha: zigawo za nthambi zikuluzikulu zinakwera, ndipo zigawo zimene tili ndi makasitomala koma tilibeko nthambi zinasoweratu mu lipoti. Nditawerenga SQL (malamulo ofunsira deta ku database) imene pulogalamu inalemba ndinapeza kuti tsopano ikuchoka ku Maoda, n'kudzera ku Nthambi, n'kufika ku Zigawo, njira ya migwirizano iwiri m'malo mwa itatu ija.

Pa mgwirizano uliwonse pali bokosi lolembedwa weight, kutanthauza kulemera, ndipo onse anali pa 1. Malangizo a pulogalamuyi amanena kuti imaphatikiza kulemera kwa migwirizano yonse ya m'njira, kenaka n'kusankha njira yopepuka. Ndinaika 10 pa mgwirizano wa Nthambi ndi Zigawo, ndipo lipoti la malonda linabwereradi mwakale, koma lipoti latsopano lija ndi limene lasokonezeka, chifukwa nthambi imodzi ikuoneka m'zigawo zambiri nthawi imodzi. Kodi pali lamulo lodziwira nambala yoyenera, kapena munthu amangoyesa mpaka zitheke? Ndipo kodi n'kwanzeru kudalira kulemera pa nkhani ngati imeneyi?

wamasamu

Bambo, lamulo lilipo, ndipo pa matebulo asanu mukhoza kuliwerengera pa pepala. Pulogalamu yanu imaona matebulo ngati malo ndipo migwirizano imaiona ngati misewu yokhala ndi mtunda, kotero mukapempha zinthu za m'matebulo awiri imafunafuna msewu waufupi kwambiri. Mapulogalamu ambiri amachita zimenezi ndi njira imene Edsger Dijkstra anaitulukira mu 1956 n'kuifalitsa mu 1959, ndipo Cube ndi imodzi mwa mapulogalamu amene amanena poyera kuti amaigwiritsa ntchito posankha ma join, omwe ndi malumikizidwe a matebulo mu SQL. Njirayi imafuna kuti kulemera kusatsike pansi pa 0, choncho musayese kukondera mgwirizano wina poupatsa nambala ya minus, ngakhale bokosilo litavomera.

Mgwirizano umene munawonjezera unapanga mkombero: Maoda, Makasitomala, Maadiresi, Zigawo, Nthambi, n'kubwerera ku Maoda. Mu mkombero, matebulo awiri alionse amakhala ndi njira ziwiri pakati pawo, ina yodzera kumanja, ina kumanzere, ndipo nambala imene mwasintha pa mgwirizano umodzi imakhudza mafunso onse odutsa pamenepo, ngakhale amene simunawaganizire. Pamene munaika 10, njira ya malonda yodzera ku Nthambi inakhala 11 ndipo yodzera ku Makasitomala inakhalabe 3, n'chifukwa chake lipoti loyamba linakonzeka. Koma tsopano werengerani funso la Nthambi ndi Zigawo. Mgwirizano wachindunji ndi 10, pamene njira yozungulira kudzera ku Maoda, Makasitomala ndi Maadiresi ndi 4 yokha. Pulogalamu inatenga yozungulirayo, ndipo zimene mukuona mu lipoti ndi zigawo zonse kumene kumakhala anthu amene anagulapo pa nthambiyo. Zili ngati kuika chipata cholipiritsa chodula kwambiri pa msewu kuti magalimoto a patali asadutsepo, n'kupeza kuti ngakhale okhala m'mbali mwa msewuwo ayamba kuzungulira.

Nambala imene mukufuna iyenera kukwaniritsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ikaphatikizidwa ndi 1 wa mgwirizano wa Maoda ndi Nthambi iyenera kuposa 3, kuti malonda azidzera kwa kasitomala, choncho iyenera kuposa 2. Payokha iyenera kuchepera 4, kuti funso la nthambi lisazungulire. Ngati bokosi lanu limalandira manambala athunthu okha, nambala yokhayo ndi 3. Mpata wake ndi wochepa kwambiri, n'chifukwa chake ine ndimayamba ndi kuika 10 pa migwirizano yonse osati 1. Mukatero, malire aja amakhala kuyambira 21 mpaka 39, ndipo mumakhala ndi malo osunthira tsiku limene mudzawonjezere tebulo lina.

Musakopeke kusamutsira kulemerako ku mgwirizano wa Maoda ndi Nthambi, chifukwa kumeneko kulakwitsa n'kodula kwambiri. Mukauika pamwamba mopitirira, funso la malonda a nthambi iliyonse lidzadzera kwa kasitomala, lifike ku chigawo, kenaka litsikire ku nthambi zonse za m'chigawocho. Oda ya ndalama zokwana 200 ya kasitomala wa m'chigawo cha nthambi zitatu idzaoneka katatu, ndipo chiwerengero chonse chidzanena 600. Vuto la lipoti lanu la nthambi munaliona msanga chifukwa linali loonekeratu, koma ndalama zochulukitsidwa motere zikhoza kufika m'manja mwa akuluakulu a kampani popanda woziona.

Chomaliza, pewani kuti njira ziwiri zifanane kulemera. Zikafanana, pulogalamu ina imakana funsolo, ina imangotenga njira imene yayamba kuipeza, ndipo chimene yayamba kupezacho chingasinthe mukasamutsa ntchito yanu kuchoka pa kompyuta yoyesera kupita pa yeniyeni.

mlangizi_wa_deta

Masamu a bambo amene ayankha pamwambawa ndi olondola, koma akuyankha mafunso a matebulo awiri okha, pamene ogwiritsa ntchito malipoti sakhalitsa pa matebulo awiri. Tiyeni titenge manambala awo omwewo, 10 pa migwirizano inayi ndi 30 pa wa Nthambi ndi Zigawo, nambala imene ili pakati penipeni pa malire aja ndipo munthu aliyense angaisankhe. Mkulu wa malonda watsegula lipoti la malonda a chigawo ndi chigawo, kenaka wawonjezera kolamu ya dzina la nthambi. Tsopano pulogalamu iyenera kulumikiza matebulo atatu, Maoda, Nthambi ndi Zigawo. Mgwirizano wa Maoda ndi Nthambi uyenera kukhalapo, umene ndi 10. Kuti ifike ku Zigawo, ikhoza kupitirira kuchokera ku Nthambi ndi 30, kapena kudzera kwa kasitomala ndi 10 katatu, imenenso ndi 30. Zonse ziwiri zikukwana 40, ndiye kufanana kumene achenjeza kuja kwalowa ngakhale munatsatira lamulo lawo.

Mukanasankha 25, pulogalamu yofunafuna kulemera kochepa kwa matebulo onse pamodzi ikanadzera ku nthambi, ndipo izi ndi zoipa koposa. Munthuyo akanaona chigawo china chili ndi malonda akutiakuti, n'kuwonjezera kolamu imodzi yokha, manambala a chigawo chomwecho n'kusintha pamaso pake, mutu wa kolamu ukadali "Chigawo" ngati poyamba. Kuti chigawo chikhalebe cha kasitomala pa matebulo atatu, nambala yanu iyenera kukhala kuyambira 31 mpaka 39, tinene 35, ndipo pa muyeso wanu wakale wa 1 panalibe nambala yathunthu imene ikanakwanitsa zimenezi. Dziwaninso kuti kulumikiza matebulo atatu kapena kuposerapo ndi kulemera kochepetsetsa ndi vuto limene akatswiri a masamu amalitcha Steiner tree, limene Richard Karp analiika mu 1972 pa mndandanda wa mavuto amene palibe njira yachangu yodziwika yowathetsera. Pa chifukwa chimenechi mapulogalamu amagwiritsa ntchito njira zachidule zosiyanasiyana, monga kuyambira pa tebulo loyamba kusankhidwa n'kumalumikiza ena limodzi limodzi, ndipo pulogalamu yotero ikhoza kupereka SQL yosiyana kungotengera kolamu imene munthu wayamba kuidina.

Koma ine nkhawa yanga yaikulu ili pa funso lanu lachiwiri, loti kodi n'kwanzeru kudalira kulemera, ndipo yankho langa ndi loti pa nkhani yanuyi ayi. Njira ziwiri zanuzo zikuyankha mafunso awiri osiyana, ndipo onse ndi oyenera kufunsidwa. Wotsatsa malonda amafuna kudziwa kumene ogula amakhala kuti adziwe kumene angatsegule nthambi yatsopano, pamene woyang'anira nthambi amafuna kudziwa chigawo chimene chagulitsa kuti adziwe antchito amene achita bwino. Mukaika 35 mwasankhira kampani yonse funso loyamba, ndipo wofuna lachiwiri alibe pofunsira. Choipa kwambiri n'chakuti adzalandira yankho la funso la mnzake n'kulikhulupirira kuti ndi lake, chifukwa palibe chilichonse pa lipoti chomuuza njira imene yadutsidwa.

Chimene ndikanachita ndi kudula mkomberowo. Lowetsani tebulo la Zigawo kawiri, kamodzi ndi dzina lakuti Chigawo cha Kasitomala, lolumikizidwa ku Maadiresi okha, kenaka ndi dzina lakuti Chigawo cha Nthambi, lolumikizidwa ku Nthambi zokha. Deta siikoperedwa, tebulo mu database ndi limodzi lomwelo, koma pulogalamu imaliona ngati awiri, ndipo pakati pa matebulo awiri alionse pamatsala njira imodzi yokha, moti kulemera kulibenso ntchito. Nzeru imeneyi ndi yakale. Ralph Kimball, katswiri wa kasungidwe ka deta, anaitcha role-playing dimension, ndipo chitsanzo chodziwika kwambiri ndi tebulo la masiku limene limagwira ntchito ngati tsiku la oda, tsiku lotumiza katundu ndi tsiku lolipira. Mu pulogalamu ya malipoti ya SAP BusinessObjects mikombero yotere imathetsedwa ndi alias, limene ndi dzina lachiwiri la tebulo lomwelo, kapena ndi context imene imasonkhanitsa ma join a funso limodzi ndipo imatha kumufunsa munthu kuti asankhe pamene njira zili ziwiri. Mu pulogalamu ya Looker mumalowetsa view imodzi (tebulo monga pulogalamuyo imalionera) kawiri ndi maina osiyana pogwiritsa ntchito mawu akuti from.

Sindikunena kuti bokosi la kulemera n'lopanda ntchito. Limathandiza pamene njira ziwiri zikufika pa yankho limodzi koma ina ndi yotopetsa database. Mwachitsanzo, ngati tebulo la Makasitomala lili ndi nambala ya chigawo imene imafanana nthawi zonse ndi ya mu adiresi, mukhoza kuika mgwirizano wachindunji wopepuka kuti pulogalamu isavutike ndi kudzera ku Maadiresi. Pamenepo ikasankha molakwika lipoti lingochedwa, manambala osasintha. Muyeso wanga ndi umenewo: ndimadzifunsa ngati manambala angasinthe pulogalamu itatenga njira inayo, ndipo akakhala kuti angasintha, nkhaniyo ndimaithetsa ndi maina a matebulo osati ndi kulemera.

wa_database

Ndiwonjezere ziwiri zimene sizinatchulidwe, kwa ena amene angawerenge izi ali ndi pulogalamu yosiyana ndi ya bambo wofunsayu.

Musatenge manambala a pamwambawa n'kukawaika mu pulogalamu yanu musanatsimikize tanthauzo la kulemera kumeneko, chifukwa kwina njira yolemera ndi imene imapambana, ndiponso si konse kumene amaphatikiza. Power BI ndi chitsanzo chabwino. Pakati pa matebulo awiri imalola mgwirizano umodzi wokha wogwira ntchito, enawo amaoneka ndi mzere wodukaduka ndipo amadzutsidwa ndi lamulo la USERELATIONSHIP lolembedwa mkati mwa lamulo lowerengera la CALCULATE. Pakapezeka njira ziwiri, imayamba kuziika m'magulu malinga ndi mtundu wa migwirizano yake, njira ya migwirizano yochoka pa chimodzi kupita pa zambiri (monga kasitomala mmodzi ku maoda ambiri) n'kukhala patsogolo, ndipo kulemera kumaweruza pokhapokha njirazo zili m'gulu limodzi. Kulemera kwa njira ndi kwa mgwirizano wolemera kwambiri m'njiramo, kuchuluka kwa migwirizano sikuwerengedwa, ndipo yolemera ndi imene imasankhidwa. Kulibenso bokosi lolembamo nambala. USERELATIONSHIP yomweyo ndi imene imakweza kulemera. Masamu ophatikiza aja kumeneko sagwira ntchito m'pang'ono pomwe.

Chachiwiri, ndimamva anthu akusokoneza kulemera kumeneku ndi cost, nambala yoyerekeza kuchuluka kwa ntchito imene amaiona mu dongosolo limene lamulo la EXPLAIN limaonetsa mu database ya PostgreSQL kapena Oracle. Database ikalandira SQL imasankha tebulo loyamba kuwerenga ndi mtundu wa join poyerekeza kuchuluka kwa ntchito, koma dongosolo lililonse limene yasankha limabweza mizere yomweyo. Kulemera kwa mgwirizano kumagwira ntchito SQL isanalembedwe, ndipo kumasintha matebulo amene alowe mu SQL-yo. Amene amasintha kulemera pofuna kufulumizitsa lipoti adziwe kuti akhoza kusintha yankho lenilenilo.

Bambo wofunsa, onaninso mtundu wa join pa njira iliyonse. Ngati muli ndi makasitomala opanda adiresi, kapena maoda a pa intaneti opanda nthambi, inner join, imene imasunga mizere yokhayo yopeza mnzake m'matebulo onse awiri, idzawataya mwakachetechete, ndipo njira ziwirizo sizidzagwirizana ngakhale pa chiwerengero chonse cha malonda. Left join kuchokera ku Maoda, imene imasunga mizere yonse ya tebulo loyamba, idzawasunga pansi pa chigawo chopanda dzina, chimene chimanyansa pa lipoti koma chimaonetsa kuti pali deta yosakwanira.

wamalipoti

Zikomo kwambiri nonse. Mayi mlangizi, ndayesa chitsanzo chanu cha matebulo atatu pa kompyuta yoyesera, ndipo pa 25 manambala a chigawo akusinthadi kolamu ya nthambi ikalowa, pamene pa 35 akukhazikika. Mfundo yogawa tebulo la Zigawo ndaimva, koma chikundibweza m'mbuyo ndi chakuti pali malipoti ambiri akale amene anthu anasunga, ndipo onse amaloza kolamu ya tebulo limenelo. Ndikalichotsa n'kuika awiri atsopano, malipoti onsewo adzaleka kutseguka. Kodi pali njira yosamukira popanda kuwononga zimene anthu anazolowera?

mlangizi_wa_deta

Simuyenera kuchotsa chilichonse, bambo. Malipoti akale onse analembedwa pamene chigawo chinkatanthauza cha kasitomala, choncho tebulo limene lilipolo lisiyeni pamalo pake, lolumikizidwa ku Maadiresi monga kale. Chochotsa ndi mgwirizano watsopano uja wa Nthambi ndi Zigawo. M'malo mwake pangani alias imodzi yokha, Chigawo cha Nthambi, n'kuilumikiza ku Nthambi, ndipo lipoti lokhalo lofuna kukonzedwa ndi latsopano lija pamodzi ndi ena alionse amene anthu apanga kuchokera tsiku limene mkombero unapangika. Dzina looneka la tebulo lakale mulisinthe kukhala Chigawo cha Kasitomala, koma muyambe mwayesa pa lipoti limodzi losungidwa, chifukwa mapulogalamu ena amakumbukira kolamu ndi nambala yake ya mkati pamene ena amaikumbukira ndi dzina, ndipo achiwiriwa amaduka dzina likasintha.

Pamene mukukonzekera zimenezi, 35 uja akhoza kukusungirani malipoti kwa kanthawi. Lembani chifukwa chake pa malo ofotokozera mgwirizanowo, pamodzi ndi malire a 31 ndi 39, popeza wobwera pambuyo panu akadzapeza migwirizano inayi ili pa 10 ndipo umodzi uli pa 35, adzaganiza kuti wina analakwitsa polemba n'kuufananitsa ndi inzake.

Pa kuyesa, matebulo asanu amapanga mapeyala khumi, ndipo magulu a atatuatatu aliponso khumi, ntchito yotheka kuichita pamanja. Pa gulu lililonse pangani lipoti laling'ono, tengani SQL imene pulogalamu yalemba, muisunge, ndipo muiyerekeze ndi yatsopano nthawi iliyonse wina akawonjezera mgwirizano kapena kusintha kulemera. Kuyang'ana chiwerengero chonse cha malonda kokha sikokwanira, chifukwa ngati deta ili yokwanira njira zonse ziwiri zimapereka chiwerengero chofanana ndipo zimasiyana pa kagawidwe kake. Sankhani oda imodzi imene mukuidziwa, ya kasitomala wokhala m'chigawo china amene anagula pa nthambi ya m'chigawo china, n'kuona kumene ikugwera mu lipoti lililonse. Oda ya munthu amene anagula m'chigawo chake chomwe siingakuuzeni kanthu, popeza njira zonse zimaifikitsa pamodzi.

Pali ntchito ina imene siili mu pulogalamu. Malipoti a malonda amene anatumizidwa kuchokera tsiku limene munawonjezera mgwirizano uja kufikira tsiku limene munaika 10 anali ndi chigawo cha nthambi pansi pa mutu umene owerenga ankaumva ngati chigawo cha kasitomala. Fufuzani mu mbiri ya pulogalamu kuti ndi malipoti ati amene anatuluka m'masiku amenewo komanso anapita kwa yani, muwatulutsenso, ndipo muwatumize ndi mawu ochepa ofotokoza chimene chinasintha, makamaka kwa amene amagawa ndalama zotsatsira malonda potengera manambala a zigawo.